Mwala wanga pa ukonde wa amalume

Ndikukumbukira chigwembe cha kuseri kwa sukulu yathu ku Kavalamanja, chimene mvula inkachikumba chaka ndi chaka. Anzanga akamasewera mpira, ine ndinkatsikira m'menemo, maso pansi ngati nkhuku yofuna chiswe. Ndinali wamanyazi kwambiri. Mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Miyala ndinkaikonda chifukwa sinkafunsa mafunso.

Madamu Daka, aphunzitsi athu ochokera ku Chipata, ndiwo anandiphunzitsa kuisiyanitsa. Mwala wogubuduzidwa ndi madzi umasalala paliponse, koma wosemedwa ndi munthu umakhala ndi timabala tondondozana m'mphepete, ngati wina anauluma mosamala. Ndinadzaza chitini cha mkaka ndi tinsonga ta mivi toyera mbee ndi timipeni tonga chikhadabo. Amayi ankangodandaula kuti ana a anzawo amabwera ndi nkhuni.

Tsiku lina ndinatola wopambana yonse: wakuda, wobulungira, wodzaza manja awiri, wobooka pakati. Madamu anati azimayi akale ankauveka pa ndodo yokumbira mizu kuti ilemere. Anandiuza kuti Lolemba ndidzaufotokoze kutsogolo kwa kalasi. Ine amene ndinali ndisanakwezepo dzanja ndinavomera.

Loweruka mwalawo unasowa. Amayi anati mlongo wawo, amalume a Zuze, anabwera kudzapempha mchere ndipo anatuluka akumwetulira. Ndinapita kudooko. Dzuwa linkawotcha mchenga, ntchentche zili ng'waa pa mamba a nsomba, asodzi akusoka maukonde pansi pa mtengo. Pa chingwe cha m'munsi cha ukonde wa amalume, pakati pa zidutswa za njerwa ndi mabawuti adzimbiri, panali mwala wanga.

Ndinaima pamenepo mpaka mapazi anapsa.

"Amalume, mwala wanga."

"Ati chani? Kwezani mawu, amayi, mvuu zikusokosa," amalume anandiyankha mondiseleula.

Onse anaseka. Amalume anafotokoza kuti moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi miyala yopulumuka pa mfundo, ndiye lero Mulungu wawatumizira woboolaboola. Anati amene anauboolayo anali msodzi ndithu, mwinanso ambuye awo, choncho angotenga chuma chamasiye chimene chinachedwa kuwapeza.

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Zonse zimene ndinakonzera Lolemba zinangokhuthuka: za ndodo, za mizu, za miyezi yopera bowo ndi mchenga. Pomaliza ndinati:

"Unali wa azimayi, amalume. Ankaugwira tsiku ndi tsiku."

Kuseka kunatha. Padooko pathu chiwiya cha mzimayi sichinkayandikira ukonde, ngakhale chitenje chouma, poopa kuti nsomba zingathawe. Mkulu wina anasuzumira m'bwato la amalume, momwe munali tinsomba ta mapende tiwiri towonda, n'kufunsa ngati mwalawo unalowa kale m'madzi. Amalume anamasula mfundo ya mwalawo ndi mano, nandipatsira mwalawo chapatali ngati khala la moto. Anandiuza kuti ndikauze madamu anga azilemba mayina pa zinthu zawo zakalezo.

Ndinautsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, koma Lolemba unkanunkhabe nsomba. Unazungulira kalasi yonse anyamata atatsina mphuno. Ine ndinalankhula mpaka belu linalira, ndipo madamu anachita kundikhazika pansi. Munthu amene wakalalikira asodzi saopa ana a giredi sikisi.

Lero chigwembe chija anachikwirira, pamwamba pake pali nyumba za malata. Ndimatolabe miyala mvula ikakokolola nthaka, ngakhale tsopano yambiri ndimangoijambula n'kuisiya pomwepo, monga amalangizira odziwa. Ana a masiku ano safuna madamu wowaonetsa timabala. Mwana wanga wamkazi, amene sadziwa n'komwe kuti manyazi n'chiyani, anajambula mwala uja ndi foni n'kuifunsa kuti n'chiyani. Foni inaganiza pang'ono, kenako inayankha mosakayika kuti ndi donasi wopserera.