Dainess Chikuse ndi Nyama ya pa Ukwati

Anthu a ku Nsaru amene anayamba kudzigulira ndiwo m'zaka zoyambirira za matipate amakumbukabe kuti Loweruka m'mawa njinga zinkalowera kwa Chikuse. Kunalibe butchala kapena chikwangwani. Kunali mtengo wa mango, thebulo la matabwa, sikelo ndi mbedza zitatu zokolekapo nyama. Eni malowo, a Petro Chikuse, anali mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa mawu. Ng'ombe zawo zoyamba anagula ndi fodya wa bale, ndipo fodyayo atayamba kugwa mtengo anamusiya n'kutsala ndi khola komanso dimba la kudambo.

Dainess anali mwana wawo woyamba. Anakwatiwa ku Mpingu, koma banja litatha anabwerera kwawo ndi mwana wamkazi, Esther, ali kumsana. Mayi ake a Dainess anali atamwalira kale, choncho anafikira kusamala bambo ake ndi kulowa m'dimba. Ndi iyeyo amene anaganiza zoika masamba pambali pa nyama, kuti wodzagula nyama azibwerera ndi tomato, anyezi ndi mpiru. Lachitatu ankapakira masamba pangolo n'kumazungulira nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, ndipo ankadziwa khomo limene amakonda repu ndi limene safuna kabichi. Manyowa a m'khola ankapita kudimba, zotsalira za kudimba zinkabwerera kukhola.

Mlongo wake Davie, wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndiye ankazidziwa ng'ombe. Ankatha kuona pa kayendedwe kokha kuti iyi ikudwala. Mafoni atafala, ndi Davie amene anayamba kulandira maoda a m'tauni, ndipo ankakonda kunena kuti tsiku lina kwa Chikuse kudzaima galimoto yawoyawo. Ankagwira ntchito ndi a Cosmas, bambo wa imvi wochokera ku Mulanje, amene anabwera kuno ngati tenanti wa fodya chakumbali ya Kabudula n'kudzakhazikika kwa a Petro esiteti itatsekedwa.

A Petro anali ndi lamulo limodzi lomwe sankanyengerera nalo munthu. Ng'ombe yogulitsa inkayenera kufika pophera ikuyenda yokha, ndipo nyama sinkakwera pambedza mlangizi wa ziweto asanaione ndi kuidinda.

Mu Okutobala 2013, a Marita, amene anagula kwa Chikuse kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ankakwatitsa mwana wawo womaliza. Anali ataitanitsiratu ng'ombe yathunthu. Davie anaisankha yekha, n'kuidyetsa madeya miyezi itatu mpaka inanona. Ukwati unali wa Loweruka. Lachitatu a Petro anagwa m'bafa, matenda a shuga atawakulira, ndipo Dainess anapita nawo kuchipatala cha Kabudula kumene anawagoneka.

Lachisanu masana Dainess anabwera pa kabaza kudzatenga zovala ndi ufa. Kuseri kwa khola anaona chikopa chitakhomedwa pansi ndi zikhomo, ndipo anadziwa kuti ng'ombe ya a Marita yapita. Koma atadutsa pamalo ophera anapeza pouma, popanda magazi, ntchentche palibe. A Cosmas anali chapafupi, akukonza goli.

"A Cosmas, kodi ng'ombeyi mwaphera kuti?"

A Cosmas sanadzutse mutu. "Afunseni a Davie, mayi."

"Ndikufunsa inu. Davie kulibe."

"Sitinaiphe ayi," anatero pamapeto pake. "Tinaipeza m'mawa m'khola itagona, itatupa mimba, itauma kale. Dzulo inadya bwinobwino. A Davie anati tisende msanga dzuwa lisanakwere."

"Alangizi anabwera?"

"Sanaitanidwe. Ine ndinawauza kuti abambo akamva zimenezi sakondwa. Anati abambo ali kuchipatala, ndipo ukwati wa anthu sungalephereke chifukwa cha ife. Nyama yapita ndi ngolo cha m'ma naini."

Dainess anakhala pamwala. Sanadziwe chimene chinapha ng'ombeyo, ndipo palibe amene ankadziwa. Mwina inali itangodya chinthu choipa, nyama yake n'kukhala yabwinobwino ikapsa. Anaganiza za Davie, amene sanachitepo chinyengo chilichonse kuyambira ali mwana. Anaganizanso za anthu mazana atatu okhala pamikeka ndi mbale m'manja, ana ali momwemo. Kenako anaimirira n'kutenga njinga ya a Cosmas.

Kwa a Marita kunali piringupiringu. Amuna ankamanga chisakasa, amayi anali kuseri kwa nyumba atazungulira mabeseni, akuduladula nyama. Ngolo ya kwa Chikuse inali pamthunzi, ndipo Davie ankathandiza kutsitsa nkhuni. Ataona mlongo wake anasiya nkhuni n'kungoima.

"Mayi, ndimafuna tionane pambali," anatero Dainess kwa a Marita.

"Lankhula pompano mwanawe, ukuona manja angawa. A Petro ali bwanji?"

"Akupezako bwino. Mayi, nyamayi musaphike. Ng'ombeyi inafa yokha."

Mipeni inaima. A Marita anayang'ana Dainess, kenako anayang'ana mabeseni.

"Ukuti bwanji?"

"Inafa yokha m'khola, ndipo alangizi sanaione. Sitikudziwa chomwe chaipha. Ndabwera kudzaitenga. Ndikubweretserani ina dzuwa lisanalowe."

"Dainess, ine ndagula kwa bambo ako iwe usanakwatiwe n'komwe. Lero mwandibweretsera yofa yokha pa ukwati wa mwana wanga?"

Mayi wina anayankhula chapansipansi kuti chiwindi anaotcha kale m'mawa, ndipo a Benedeta, akulu awo a a Marita, anadya pamodzi ndi ena atatu. A Marita anapukuta manja pachitenje.

"Tengani zinthu zanuzo muchoke nazo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Anapakira nyama pangolo anthu akuyang'ana. Ali m'njira Davie ankayendetsa ng'ombe osacheuka. Atadutsa mlatho m'pamene anayankhula.

"Achemwali, mukanangokhala chete. Nyama ikanabwata maola atatu, palibe chikanachitika. Kodi anthu kumidziku sadya yofa yokha?"

"Amadya akudziwa. Awa sanadziwe."

"Mwandivula pagulu. Mwavulanso abambo."

M'khola munalibe ng'ombe ina yokhwima yoti ikwanire ukwati. Zimene zinalimo zinali zazikazi zabere ndi tiana. Zokhazo zazikulu zinali ziwiri zokoka ngolo, Bulaki ndi Maluwa. Dainess anaimbira foni mlangizi, yemwe anafika cha m'ma folo panjinga yamoto. Anayang'ana nyama yoyamba ija, n'kulamula kuti ikwiriridwe m'dzenje lakuya itathiridwa palafini, kuti agalu kapena anthu asafukule. Kenako anayeza Bulaki, nati ili bwino. Davie anakana kugwira mpeni, nanyamuka kupita kudambo. A Cosmas ndiwo anapha ng'ombe imene anaiphunzitsa okha goli. Nyama anaitumiza pangolo yobwereka kwa oyandikana nawo, ndipo ukwati unachitika.

Lamulungu a Benedeta ndi awiri mwa amene anadya chiwindi anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Anawatengera kuchipatala chomwecho kumene kunali a Petro. Dainess anali atabwerera kukadikirira bambo ake, ndipo sanawauze kanthu poopa kuti shuga ingakwere. Koma nkhani inayenda yokha kuchokera ku wodi ya amayi, kudzera kokaphikira odikirira odwala, mpaka pabedi loyandikana ndi lawo. Lolemba akuwapatsa phala, a Petro anakankha supuni.

"Dainess, kodi akunena za kwa Chikuse uti anthuwa?"

Iye anawafotokozera zonse. Anamvetsera maso ali kudenga.

"Ndiye Bulaki wapita?"

"Wapita, bambo."

"Tenga phalalo ukawapatse a Benedeta ngati angathe kumwa. Uwauze kuti ndikadzuka ndibwera ndekha."

A Benedeta anachira patapita masiku asanu, koma anatuluka atawonda, ndipo kwa miyezi ingapo sankatha kulima. Nkhaniyo inapita ku seshoni ya mpingo. A Petro anapempha kuti asakhale nawo pa bwalo loweruza mwana wawo, ndipo tsiku lomwelo anatula pansi udindo wawo. Davie anaimitsidwa kumgonero. Pamsika wa Nsaru anthu anayamba kumuitana kuti Yofayokha, ena moseka, ena ayi. Ankadzuka, kutsegulira ng'ombe, kubwera madzulo, osadya ndi anzake pakhomo. Sanakanganenso ndi Dainess, koma sankamuyankhulanso kupatula za ntchito. Mu Disembala, mvula itayamba, anauza a Cosmas ng'ombe zoyenera kubayidwa jakisoni, n'kukwera basi ya ku Joni.

Dainess ankayembekeza kuti anthu adzakumbukira kuti ndi iye amene anapita yekha kukaulula. Ena anakumbukiradi. Aphunzitsi angapo sanasiye kubwera. Koma ambiri anangosunga mawu awiri, akuti Chikuse ndi yofa yokha. Loweruka lina nyama inatsala theka pambedza mpaka masana, ndipo anaidula mizongo n'kuiyanika. Zitachitika katatu, anasiya kupha mlungu uliwonse. Anayamba kupha kamodzi pamwezi, ndipo pokhapokha anthu okwanira atanena kale kuti adzatenga. Chidindo cha mlangizi ankachisiya poonekera, mbali yoyang'ana kumsewu.

Kudimba nakonso kunavuta. Maluwa yekha sakanakoka ngolo, ndipo zinatenga chaka ndi theka kuti a Cosmas aphunzitse ina. Nthawi yonseyo Dainess ankanyamula masamba panjinga, madengu awiri, maulendo awiri pa tsiku, ndipo makomo akutali anawataya. Bondo lake lakumanja linayamba kutupa m'nyengo imeneyo, ndipo silinasiye.

A Petro anamwalira mu 2015. M'masiku awo omaliza ankakonda kukhala pampando pafupi ndi khola, n'kumafunsa ngati Davie waimba. Dainess anawafunsa tsiku lina ngati analakwitsa kukaulula pagulu, mwina akanangopita kukasintha nyama mwakachetechete.

"Sunalakwe," anayankha. "Koma mwana wanga ndamusowa."

Davie sanabwere pamaliro. Anauza Esther pafoni kuti mapepala ake sanali bwino, akatuluka sakanalowanso. A Marita anabwera, anakhala ndi amayi m'siwa, anapereka nkhuni ndi ufa. Mpaka lero amapatsana moni ndi Dainess kutchalitchi, koma nyama amagula kwina.

Tsopano Dainess ali ndi zaka zopitirira makumi asanu. A Cosmas anakalamba, amangoyang'anira kudimba. Esther anakula, ali ndi ana awiri, ndipo ndiye amalandira maoda pafoni ndi kupereka katundu kwa a kabaza. Makasitomala ambiri a masiku ano ndi achinyamata ogwira ntchito ku Nsaru ndi Namitete amene sanamvepo za ukwati wa kwa a Marita. Komabe Esther wakhala akunena kuti dzina alisinthe, alembe lina pachikwangwani, chifukwa akuluakulu akamulozera munthu njira amawonjezerabe kamawu. Dainess amangoti aganizira. Dambo nalo likuuma msanga chaka ndi chaka, ndipo chitsime chimene bambo ake anakumba achikuzapo kawiri.

Davie amaimba mwa apo ndi apo, koma amaimbira Esther. Mwezi wathawu anaimba masana, Dainess akusankha tomato pakhonde. Esther anayankhula naye pang'ono, kenako anatambasula dzanja.

"Amayi, amalume akufunsa za kamwana ka ng'ombe kodwala kaja. Ine sindikudziwa kufotokoza."

Dainess anazengereza, kenako analandira foni.

"Davie."

"Achemwali. Muli bwanji?"

"Tilipo. Kaya iwe?"

"Ndilipo. Kakutsegula m'mimba kuyambira liti?"

"Lachiwiri. Sikakuyamwa bwino."

"Mukapatule kwa zinzake. Muzikamwetsa madzi owiritsa a mchere ndi shuga pang'ono, katatu pa tsiku. Mukaone ngati m'makutu muli nkhupakupa. Alangizi akabwera muwauze kuti..."

Foni inaduka. Esther anati mayunitsi awathera amalume, ndipo anafunsa ngati iye awaimbire. Dainess anayang'ana foniyo kanthawi, n'kuibweza. Anauza Esther kuti ateleke madzi, iye natsimphina kupita kukhola kukapatula kamwanako.