Chimene Chinatsamwitsa Sajeni

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene ali moyo, ndinangoona miyendo yawo. Thupi lonse linali pansi pa lole, mapazi okha ali kunja. Ine ndinali ndi chikwama kumsana, ndikubwerera ku koleji.

"Achimwene, ndapita!"

"Pitani, a Profesa," anayankha ali pansi pomwepo. "Mukakhoze. Musadzagone pansi pa zitsulo ngati ine."

Inu amene mumawerenga nkhani zotere pofuna mphamvu, yanga ikuyambira pamenepa.

Loleyo inali ya asilikali kalekale, yamatayala ofika m'chifuwa, yobiriwira ngati ndere. Achimwene anaigula boma likugulitsa zakutha, n'kuitcha Sajeni. Ankanyamulira miyala kuseri kwa chitunda chimene malole ena ankachiopa. Sajeni ndiye ankadyetsa alamu ndi kamtsikana kawo, ndipo ndiye ankandiphunzitsa ine.

Mawa lake achimwene anakwera njinga kukagula paipi ya labala ya pansi pa rediyeta. Pobwerera, basi inawagunda. Kuchipatala anatipatsa jumbo: foni yosweka, lamba, ndi paipi yatsopano ija.

Koleji inathera pomwepo. Palibe anandithamangitsa. Ndinangosiya kupita.

Maliro atatha, amalume anabwera ndi wodula zitsulo. Munthuyo anamuzungulira Sajeni, akumugogoda ndi mwala ngati akusankha dzungu, kenako analemba mtanda ndi choko pachitseko.

"Chinthu ichi chinanyamula mitembo kunkhondo," anatero amalume. "Tsopano chadya mwini wake. Mvula ikangosiya, chidulidwe."

"Nanga mwanayu azidya chiyani?" anafunsa alamu.

"Chikakwera chitunda chija chili ndi miyala, chisungeni. Koma akonza ndani? Profesayu? Sipanala amaigwira ngati supuni ya tiyi!"

Kuyendetsa ndinkatha, achimwene anandiphunzitsa pa tchuthi. Kukonza ndiye ayi. Komabe ndinalowa pansi paja, ndinaveka paipi ija pamalo pake, ndinamanga, ndinathira madzi. Sajeni analira kamodzi n'kamodzi. Koma tisanafike n'komwe patsinde pa chitunda, muvi wa kutentha unali pofiira, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti.

Ndinazimitsa injini. Ndipamene ndinamva.

Munamvapo munthu akulimbana ndi mpweya? Khoo. Kenako zii. Kenako khoo, kuchokera mkatikati mwa zitsulo. Masana dzuwa likuswa mtengo, ine tsitsi linaima.

Tsiku lina Sajeni anawira tili pabwalo. Kamtsikana kaja kanasiya kusewera, n'kutchera khutu.

"Amayi, adadi akutsokomola."

Alamu anakanyamula n'kulowa m'nyumba, chitseko pha.

Nkhani inawanda. Oyandikana nafe anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Ena ankati malemu sakufuna kuti wina akhale pampando wawo. Ena ankati paipiyo ili ndi imfa. Ine ndinkawaseka pamaso, koma ndikalowa m'lolemo, mpando unali udakali ndi dzenje la thupi lawo, ndipo sindinkayang'ana pagalasi.

Sindinasiye. Ndinatsegula pansi pa rediyeta kuti nditsuke. Munatuluka madzi ofiirira, okhuthala, n'kuyenderera pabwalo molunjika pakhomo pa alamu. Ndinkadziwa kuti ndi dzimbiri. Alamu anatenga tsache n'kuwasesa. Ndinathira madzi ena mpaka anatuluka oyera. Sajeni anawirabe.

Ndinasintha lamba wa fani. Anawirabe. Ndinachotsa kachitseko kamkuwa kamene kamatsegulira madzi injini ikatentha, n'kukawiritsa mumphika kuti ndione ngati kakugwira ntchito.

"Alamu, mwayamba kuphika zitsulo?" anatero alamu. "Ndibweretse mchere?"

Kanali koyamba alamu kuseka chiikireni maliro. Kachitsekoko kanayasamula bwinobwino m'madzi otentha. Vuto silinali pamenepo.

Tsiku lina ndinapsa mtima, n'kutsegula chivindikiro injini idakali yotentha. Chipsera chake chili padzanja limene ndikulembera lino. Inu musadzayerekeze.

Mvula inayamba kuchepa. Ikakokolola mtanda uja, mawa lake ndinkaupeza utalembedwanso, woyera mbee. Wodula zitsulo sindinamuonepo akulowa pabwalo.

Masana ena Sajeni atawiranso, ndinakwawira pansi pake. Sindinapite kukakonza. Ndinkafuna polirira pamene mwana sandiona. Ndinagona chagada pomwe achimwene anagona, madontho otentha akugwa pafupi ndi khutu, phokoso lija lili pamwamba panga penipeni. Ndinatambasula dzanja n'kugwira paipi imene anafera.

Inali yozizira. Injini yonse ikuyaka moto, koma paipiyo inali zii ngati chipumi chawo tsiku limene tinawasambitsa.

Ndinachotsa dzanja msanga. Kenako mutu unayamba kugwira ntchito. Ngati pamwamba pakuwira pansi pali pozizira, ndiye kuti madzi sakuzungulira. China chake chawatsekera njira.

Ndinadikira kuti azizire. Ndinamasula paipi ija, n'kulowetsa zala m'kamwa mwa chitsulo cholowera ku pampu ya madzi. Poyamba munalibe kanthu. Nditakankha mpaka pokhota, chinthu chofewa chinandikhudza.

Ndinadzidzimuka mpaka kugunda mutu. Kenako ndinapinda waya, n'kukola, n'kukoka. Chinabwera pang'onopang'ono, chakuda, chonyowa, chachitali, chikupindika ngati chili ndi chigongono. Kumapeto kwake kunali batani.

Unali mkono wa shati.

Ndinatuluka nawo panja. Alamu anali kuchapa. Anautenga, anauviika m'beseni, anaufikisa, mpaka mizere yabuluu inayamba kuoneka.

"Munthu ameneyu!" anakuwa. "Shati imene ndinamugulira ine! Anandiuza kuti yabedwa pachingwe. Ndinatsala pang'ono kumenyana ndi mayi wa kuseriyu!"

Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Atapuma anandiuza kuti achimwene akamasula paipi iliyonse, ankatseka bowo ndi nsanza kuti mavu ndi makoswe asalowemo. Tsiku lija anatseka, poganiza kuti abwera madzulo adzachotse. Ine ndinangoveka paipi pamwamba pake, ndipo pampu inaikokera mkati.

Ndinamanganso zonse. Ndinaimika Sajeni mphuno itayang'ana kumtunda, n'kumathira madzi pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke. Ndinagwira paipi ija injini ikulira. Inayamba kufunda m'manja mwanga.

Amalume anati akufuna kudzionera okha. Anakhala kumanzere kwanga, dzanja lili pachogwirira chitseko, miyala itadzaza kumbuyo.

"Chikayamba kutsokomola, ine ndidumpha, mphwanga. Usandiyese wamwano."

Sajeni anakwera akubangula, pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Muvi unafika pakati n'kuima pomwepo. Titafika pamwamba ndinazimitsa, ndipo tonse awiri tinatchera khutu.

Kunalibe kanthu. Chitsulo chikungothetheka pozizira, mphepo ikuwomba.

Ndinadikira kutsokomola kuja. Sikunabwere. Ndinali nditakuopa nthawi yonseyi, koma patsikulo ndinakufuna, chifukwa kunali kokha kumene kunkandiyankha pabwalo paja. Ndinatsamira pachiwongolero, ndipo amalume anayang'ana kumbali kuti ndilire bwino. Atatsika anati, "Ukamuuze wodula zitsulo uja asavutike."

Lero Sajeni amanyamula miyala mlungu wonse. Eni malole ena amandibweretsera marediyeta awo, ndipo amati ndili ndi dzanja. Kamtsikana kaja kanayamba sukulu, nsapato ndinagula ine.

Sindikunamizani kuti zonse zimabwerera. Achimwene sanabwerere, ndipo ku koleji mpando wanga anakhalapo wina. Koma inu amene anthu akulemberani kale mtanda pachitseko, amene mwayesa ichi ndi icho koma zikuwirabe, musathawe pamene pakuopsani kwambiri. Kwawirani pomwepo, mugwire ndi dzanja lanu. Lirani ngati kulira kwabwera, koma mtima wokha musautaye.

Sajeni anakwera chitunda chija pa 23 Epulo 2019.