Bang Mursid ndi Likhweru la pa Tepi

Tiyambe ndi kuchotsa bodza limene layenda mu Jatinegara muno, dera la mumzinda wa Jakarta, mpaka kumera ndevu. Amati Bang Mursid (kuno Bang ndi achimwene, Pak ndi bwana), mlonda wakale wa situdiyo yojambulira nyimbo ya Pak Sugondo, ndiye anaona luso la Lukas Tahalele anthu onse asanalione. Amati tsiku lina anamugwira paphewa pageti n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, nyumba ino yakuchepera, pita dziko likakumve." Anyuzi analemba, apawailesi anabwereza, ndipo mpaka lero anyamata a tsitsi lalitali amabwera mu Gang Sawo, kamsewu kathu kano, kudzajambulitsa naye. Paphewa anamugwiradi, zimenezo tinaona. Zinazo ndi zokometsera.

Mursid anafika mu Gang Sawo ali wotopa kale. Anali atapalasa becak, njinga ya matayala atatu, zaka zambiri, kunyamula amayi a kumsika ndi madengu awo, mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko cha bafa. Atamva kuti Pak Sugondo akufuna mlonda, ndipo kuti ntchitoyo ili ndi kachipinda kogona kuseri, anati Mulungu wandipatsa mpando. Nanga mlonda si amakhala pansi? Tsiku lomwelo anasamutsa mkazi wake Warsih, mphasa ndi mbaula.

Mpandowo anauonadi, koma kuukhalira ndiye ayi. Situdiyo ija inali nyumba wamba, makoma ake omatidwa ndi mathireyi a mazira, ndipo phokoso la kunja linkalowa ngati madzi m'dengu. Pamwamba pa geti panali babu lofiira. Likayaka ndiye kuti mkati tepi ikuzungulira, ndipo ntchito ya mlonda inali kutontholetsa Gang Sawo yonse. Inu mukuidziwa Gang Sawo. Wogulitsa bakso, supu wa timibulu ta nyama, amagogoda mbale ndi supuni, wa mi, chakudya chonga supageti, amamenya kathabwa, wa buledi ali ndi belu, ndiye pali ana, pali mbuzi za Haji Romli, pali amayi okanganirana pampope. Mursid ankathamangira kumtunda chala chili pamlomo, akangofika, kumunsi kwalowa wina. Ena ankawapempha, ena ankawanyengerera ndi ndudu, mbuzi ankaziponyera makoko a nthochi. Woitanira mapemphero yekha ndiye sankamukhudza: iyeyo akayamba, babu ndi limene linkazima. Ana anamupatsa dzina loti Bang Chete, ndipo ankalifuula dala babu likayaka.

Lukas anabwera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mnyamata wa mtundu wa Chiamboni wokulira kudoko la Priok, woonda ngati nsambo ya gitala yake. Anali waganyu. Waganyu wa mu situdiyo amabwera, amapatsidwa pepala, amaimba zimene zalembedwa, amapita, ndipo pachikuto cha chimbale pamakhala nkhope ya wina. M'mawa nyimbo zachikale za keroncong, masana nyimbo yotsatsa sopo, madzulo nyimbo yophunzitsa ana kutsuka mano. Lukas ankaziimba zonsezi osalakwitsa, maso ali otseka theka, ngati munthu amene akusenda chinangwa. Pak Sugondo ankamukondera chomwecho.

"Waganyu wabwino," ankatero Pak, "ndi amene ngakhale mayi ake sangamuzindikire pawailesi."

Ubale wa Lukas ndi Mursid unali wa ndudu basi. Wina ankapempha, wina ankapereka, ndipo wopemphayo sankasintha. Za luso sanakambiranepo. Mursid nyimbozo sankazimva n'komwe, chifukwa nthawi imene zinkaimbidwa iye amakhala ali kumunsi akukambirana ndi mbuzi.

Vuto linayamba ndi mayi wina woimba nyimbo zachisoni, wa mawu apansipansi moti ngakhale buluzi atatsokomola padenga akanamveka. Tsiku lina Pak anaitanira Mursid m'chipinda cha makina, mmene anali asanapondemo.

"Tamvera apa."

Pa tepipo mayi uja anali mkati modandaula za mwamuna amene anakwera sitima osabwerako. Kumbuyo kwa mawu ake, chapatali, kunadzuka kalikhweru kowonda, kotalika, kosapumira.

"N'chiyani chimenechi?"

Mursid sanafune kuyankha, koma khutu la mu Jakarta silingadzinamize. "Ndi putu, Pak."

Wa makina anavomera kuti ndi putu, likhweru la wogulitsa timakeke ta mpunga. Wa ng'oma nayenso anati ndi putu, anawonjezera kuti wamva njala.

"Ndimayesa ndikumva ndekha," anatero Pak. "Tepi siimera mumtengo, Mursid. Nyimbo zanga zipitirire kulowa putu, ukasake kwina kogona. Kachipinda kaja akukafuna ambiri."

Tsono wa putu wa mu Gang Sawo anali mmodzi yekha: Kasdun, mlongo wake wa Warsih. Ankadutsa dzuwa likapendeka, atasenza pamtengo chitini cha madzi owira chimene amaphikirapo timakeke take ta mpunga m'timisungwi, nthunzi ikuliza likhweru kuti ogula atuluke m'nyumba. Mursid anamudikirira pakona.

"Alamu, mukundichotsetsa ntchito."

"Ine? Ndikamadutsa pageti panu ndimatseka kabowo ndi chala. Taonani chala chake, chasanduka sate, kanyenya weniweni."

"Ndiye muziyamba kutseka muli kumsewu waukulu."

"Putu wosalira agula ndani? Anthu aziti ndasenza maliro."

"Muzidzera ku Gang Kelor."

"Ku Kelor kuli mwini wake, ndipo mkono wake umodzi ndi ntchafu yanu."

"Alamu, ndapota nanu."

Kasdun anatula chitini pansi, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mawondo aja. "Mlongo wanga ndinakupatsani ndi manja awiri. Lero mukundipirikitsa ngati mbuzi ya Haji. Mbuzi bola mumaipatsa nthochi."

Anasiyadi kudutsa. Madzulo amenewo Warsih anaika mpunga pamphasa ngati akuponyera nkhuku.

"Ndiwo zili kuti?" anafunsa Mursid.

"Zakhala chete, Bang. Si ndi zimene mumakonda?"

Amenewo anali mawu ake omaliza kwa nthawi yaitali ndithu.

Koma likhweru silinasiye. Sabata yotsatira linamveka pa nyimbo ya sopo. Pak anati ndiye kuti alipo wina, mphepo imanyamula mawu. Mursid anakulitsa dera. Babu likayaka ankapita kumtunda, kumunsi, ku Gang Kelor, mpaka ku njanji. Anakangana ndi wa putu wa ku Kelor, ndipo anapeza kuti za mkono zija Kasdun sananame. Analowa m'khitchini ya mayi wina wosamudziwa kukapempha kuti aphule ketulo. Kasdun, ogula atamuiwala, ananyamula chitini chake n'kubwerera kumudzi ku Tegal osatsanzika. Mursid ankaweruka akukoka mwendo, n'kukhala pakhomo pa kachipinda kaja akupaka mawondo mafuta a bulugamu, mkazi atagona chammbali akuyang'ana khoma. Ndipo likhweru linamvekanso. Pak sanakalipe ulendo uno. Anangomufunsa ngati mphasa yake imapindika msanga.

Masana ena anamutuma kulowetsa khofi kwa aganyu. Mkatimo aliyense ankakhala kuseri kwa chotchinga chake cha matiresi kuti mawu asasakanikirane, ndipo Lukas anali pangodya pamene wa makina sankamuona pagalasi lake. Mursid akutula kapu pambali pa Lukas, babu la mkati linayaka. Babu likayaka chitseko sichitsegulidwa. Anaima chilili, thireyi m'manja, mtima uli kunja: Gang Sawo yonse ili yokha, yopanda woiletsa.

Nyimbo inali yotsatsa mankhwala a mutu. Pakati pake panali malo amene gitala imapuma, vayolini n'kumadandaula yokha. Lukas sanapume. Anatsegula maso onse awiri, anatembenuza mpando pang'onopang'ono, n'kulozetsa mimba ya gitala ku chimkuzamawu chake, chala chimodzi chikunjenjemeretsa nsambo. Chimkuzamawu chinayamba kulira chokha. Kalikhweru kowonda, kotalika, kosapumira. Putu amene Mursid anamusaka mpaka ku njanji anali pompano, wakhala pampando, khofi ali pambali. Ndipo aka kanali koyamba kumuona mnyamatayo ali maso.

Pa nthawi yopuma anamupeza kuseri, pachitsime.

"Iwe, kodi wa putu uja ndiwe?"

Lukas anaseka mwamanyazi, koma maso anali akuwalabe. "Mwamva, Bang? Sindimenya nsambo, imalira yokha. Ndikaisendeza pang'ono imakwera, ndikaibweza imatsika. Muli ndi ndudu?"

"Mlamu wanga ali ku Tegal."

"Ndinamva. Pepani, Bang. Ndimati Pak atopa nazo, aiwala."

"Pak satopa. Pak amakhala pansi."

"Bang, taganizani. Sopo, mano, mutu, sopo. Ndikapanda kuliza kanga kanga ngakhale kamodzi patsiku, ndimamva ngati ndinafa kale, angoiwala kundiika."

"Kalizire kwanu."

"Kwathu chimkuzamawu ndichitenga kuti? Ichi n'cha situdiyo. Musanene, Bang. Ndichepetsa. Ndiziliza motsitsa."

"Uchepetsa kapena usiya?"

Lukas anayang'ana zala zake. Bola sananame.

Mursid anamupatsa ndudu ija. Sanakwiye, mkwiyo umafuna mphamvu. Anayesa kuganizira mayi a mnyamatayo ku Priok, amene ankadya za gitala yomweyi, ndipo anawaganiziradi, chifukwa munthu woipa sanali. Kenako anaganizira mtunda wa kuchokera pageti kukafika ku njanji, ndi wobwerera wake. Babu lisanayakenso anakagogoda kwa Pak Sugondo.

"Pak, putu uja ndamupeza. Ali mkati momwemuno, amamwa khofi wanu."

Pak sanathokoze, si khalidwe lake. Anaitanitsa Lukas, anthu onse ali pomwepo, n'kumuuza kuti aonetse zimene amachita kuseri kwa matiresi. Lukas anaona kuti zavuta kale, ndiye analiza zenizeni. Mathireyi a mazira ananjenjemera, wa vayolini anatseka makutu, kunja mbuzi za Haji zinayankha. Pak anadikira mpaka litatha.

"Zimenezo ukalize kudoko," anatero. "Sitima zikakuyankha."

Pageti, Lukas akutuluka gitala ili kumsana, Mursid anamugwira paphewa. Wa mi anali patsidya pa kamsewu, anaona, ndipo ndi yemweyo amene patapita zaka anauza atolankhani kuti anamva mawu anzeru. Akanamva bwanji, kathabwa kali m'manja akugogoda? Mawuwo anali awa:

"Chingwe cha gitalacho n'cha Pak. Siya."

Lukas anachitulutsa m'thumba, anachipereka.

"Bang, mukanangondidikira pang'ono."

"Ndadikira. Yenda bwino."

Zotsatira zake mukuzidziwa, palibe chifukwa choti tikutopetseni. Lukas anapeza anzake anjala ngati iye, analeka tsitsi mpaka m'mapewa, ndipo likhweru lija linayamba kudzaza mabwalo a mpira. Ana a anthu amene ankatseka makutu anagula zimbale zake. Tsiku lina pawailesi anamufunsa kuti anachoka bwanji pa uganyu, iye anati, "Mlonda wina anandithandiza kutuluka." Kaya chinali chipongwe kaya ulemu, sitikudziwa. Atolankhani anasankha ulemu, chifukwa umagulitsa nyuzi, ndipo wa mi anawonjezera mchere.

Mursid kachipinda anakasunga. Anathamangabe zaka zambiri, koma kumtunda ndi kumunsi basi, ku njanji sanafikekonso. Kenako Pak anamwalira, ana ake anasandutsa situdiyo ija malo okonzera njinga zamoto, ntchito imene siifuna chete, ndipo nkhalambayo anaisiya kuseri komweko poti palibe anakumbukira kuichotsa. Warsih anayambanso kulankhula, ndipo kuyambira pamenepo sanapume. Kasdun amabwera pa Idi. Amazungulira nyumba yonse kukhululukira aliyense monga mwa mwambo, akafika pa mlamu wake amamugwira dzanja n'kunena kuti, "Inu tidzaona chaka chamawa." Lukas sanabwereko mu Gang Sawo. Ena amati anatumiza katoni ya ndudu, koma ife utsi wake sitinauone.

Masiku ano Bang Mursid amakhala pampando, miyendo atayitambasula padzuwa. Anyamata a tsitsi aja akafika amagwada pambali pake.

"Bang, munadziwa bwanji kuti adzakhala wamkulu chonchi?"

Iye amangogwedeza mutu, iwo n'kulemba kuti nkhalamba ndi yodzichepetsa. Si kudzichepetsa, kufotokoza ndi ulendo wautali, ndipo iye maulendo anasiya.

Zoona zake n'zakuti Bang Mursid anakamunenera Lukas kwa bwana chifukwa anali atatopa kuthamangitsa likhweru la munthu wina.