Mukule wa Amayi

Ndikukumbukira fungo la chimanga chowotcha ndi mafuta odzola kumutu pamsika wa Kabwata ku Lusaka, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndicho chaka chimene amayi anatuluka m'chipatala cha odwala maganizo, kumene anakhala zaka zinayi bambo atamwalira. Zaka zonsezo ine ndinali ku Woodlands kwa azakhali anga, ba Anti Grace, m'nyumba ya geti lalikulu ndi agalu awiri amene ankadya bwino kuposa ine. Ndinkakolopa, kuchapa, kusita, ndipo alendo akafunsa za ine, ankandiloza ndi mlomo: "Ni mwana wa uja ofuntha," kutanthauza wamisala.

Amayi atatuluka anapeza kachipinda ku Kabwata. Ntchito yawo kuyambira kale inali yoluka tsitsi, ndiye anaika kampando pansi pa mtengo, pafupi ndi shopu ya telala wina, a Saidi, amene kwawo kunali ku Malawi. Koma ndani akanakhalapo? Azimayi ankanong'onezana kuti munthu amene anadwalapo misala akakugwira m'mutu, matendawo amakulowa kudzera m'tsitsi. Masabata atatu kampando kaja kanangotuwa ndi fumbi. Nditazemba kukaona amayi tsiku lina, ndinawapeza ali chete, maso pansi, ndendende mmene ankachitira asanawatengere kuchipatala. Ndinadziwa kuti zikapitirira chonchi ndiwatayanso.

Loweruka lina ba Anti anandituma kusaluni ku Kabulonga, poti mawa lake ndinkaimba kwaya ndipo sankafuna kuti ndiwachititse manyazi. Ine ndinakwera minibasi ya ku Kabwata. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, msika utadzaza, ndinavula duku n'kukhala pakampando paja.

"Mami, nimangeni mukule."

"Mwana wanga, ba Anti bako bazakamba chani?"

"Bakambe. Mutu ni wanga."

Anayamba pang'onopang'ono. Kenaka zala zinakumbukira ntchito, mzere uliwonse wa tsitsi lolukidwa mogona pamutu ukuyenda mowongoka kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Ankakoka, abale! Misozi inalengeza, koma ndinaluma mano. Azimayi a tomato anasiya malonda, kudikira kuti ndiyambe kubwebweta. Wina anakuwa, "Iwe mwana, uzafuntha!" Ndinamuyang'ana osaphethira: "Nkalani pamene apo, muyembekeze." Ndikhulupirira akudikirabe mpaka lero.

Galasi tinalibe. Mwana wa a Saidi, Yusufu, mnyamata wamanyazi amene sankatha n'komwe kundipatsa moni, anachotsa galasi la makasitomala pakhoma la shopu n'kudzaima nalo patsogolo panga. Analigwira mpaka mzere womaliza, thukuta lili kamukamu. Loweruka lotsatira anabwera ndi alongo ake atatu n'kuwakhazika pamzere kwa amayi. Anyamata ena amafunsira ndi makalata. Wanga anafunsira ndi mitu ya alongo ake.

Madzulo a tsiku la mukulelo ba Anti atangondiona anazindikira dzanja la mlamu wawo. Anaika sizasi patebulo. "Chosa ivo, olo uchoke panyumba panga." Ndinayang'ana sizasi, ndinayang'ana agalu aja pakhonde, ndinakalongedza yunifolomu yanga m'pepala la pulasitiki. Ndinakagona pamphasa ku Kabwata, mutu ukuwawa ndi kukoka kuja, mkono wa amayi uli paphewa panga. Sindinagonepo tulo tokoma ngati timeneto.

Masiku ano atsikana amangogula mawigi, ndipo za matenda a maganizo zimakambidwa ngakhale pawailesi, ngakhale onong'ona sanathe. Yusufu ndi bambo wa ana anga atatu, ndipo galasi lija lili m'chipinda mwathu. Amayi sanabwererenso kuchipatala kuja, koma zala zawo zinauma ndi nyamakazi, sangalukenso. Loweruka lililonse amakhala pakampando komwe kaja, ine kumbuyo ndi chipeso, iwo n'kumadandaula kuti ndikukoka kwambiri.

Ndimangowauza kuti, "Nkalani bwino, Mami. Naimwe munanikoka."