Chitseko Chofuna Thako

Pikiapu ya achimwene anga ili ndi chitseko chamwano, cha kumanzere, cholowera wokwera. Chinagwa phewa kalekale ndi mabampu a msewu wa ku Likhubula, kumene amanyamula zinanazi kupita nazo pa Boma. Ukachikankha mwaulemu chimangogunda n'kubwerera, ngati chikufunsa kuti wati chiyani. Kuti chitsekeke umayenera kuima panja, kuchinyamula pang'ono pogwira pawindo, kutembenuka, n'kuchimenya ndi thako. Phuu! Achimwene ndi munthu wodya bwino, ndiye kamodzi kokha chimamva.

Vuto linabwera chaka chatha, ndili Fomu 3, alamu anga atachira mwana woyamba kuchipatala cha ku Mishoni. Amayi awo a alamu anafuna kukaona mdzukulu, ndipo wowatenga anali mkamwini wawo, achimwene.

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Achimwene mwambowu amaupitiriza muyezo. Akawaona akubwera panjira amakhotera m'munda wa tiyi ngati aiwalamo kanthu. Mawu onse amadutsira mwa mwana. Tsono munthu woteroyo akaime pamaso pa apongozi, awalozetse kumbuyo, n'kugwedeza?

Lachisanu masana anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala. Anatsegula chitseko, anaika thabwa pansi pake, n'kuchikweza ndi jeke pang'onopang'ono. Anamasula mabawuti a hinjesi yam'munsi, analowetsa kuseri kwake mawashala, tizitsulo tobowoka pakati tija, n'kumanganso. Anayesa. Chinakana. Anawonjezera ena, thukuta lili kamukamu, akulankhula nacho ngati mbuzi yothawa m'khola. Kenako anachikankha ndi chala chimodzi, chinangoti thi, ngati cha filiji.

"Wamva, iwe?" anandifunsa. "Imeneyo ndiye nzeru ya ku Joni."

Anatsegula n'kutseka mpaka nkhuku zinatopa kutembenuka. Atatero anandiuza kuti mawa ndikhale pakati, ndizipereka mawu, ndipo ndisaseke ngakhale pang'ono, chifukwa ana a sekondale timaseka zopanda mutu.

Mawu omalizawo ndi amene anandipatsa nzeru.

M'mawa anandituma kutsuka galimoto iwo akusamba. Ndinaitsuka ndithu, mpaka matayala. Kungoti sipanala inali pomwepo pampando, ndipo bawuti ukaimasula imodzi, washala amatuluka yekha osakana. Ndinamanganso bwinobwino, mawashala ndinaponya m'thumba la kabudula.

Apongozi anafika atavala chitenje chatsopano, m'manja muli fulasiki ya phala. Ine ndinalowa pakati, iwo anakhala kumapeto, maso kuphiri. Achimwene, atavala shati yopita nayo kutchalitchi, anayandikira cham'mbali, nkhope atayang'anitsa kwina, n'kukankha ndi chala chimodzi chija.

Chitseko chinabwerera.

Anakankha ndi dzanja lonse. Chinabwereranso, n'kuwagunda bondo. Anawerama n'kusuzumira hinjesi, kenako anandiyang'ana ine kudzera pagalasi lakutsogolo. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga manambala a sipidi.

"Iwe, tatsika udzatseke."

Ndinatulukira mbali ya dalaivala, ndinanyamula chitseko, ndinatembenuka, n'kumenya. Koma ine thako ndilibe, ndili ndi mafupa okhalira basi. Ndinadumphira kutsogolo ngati mpira, chitseko chili yasa. Amayi ena opita kothyola tiyi, madengu ali kumsana, anaima kuti aone kutha kwake.

"Menyanso!"

"Achimwene, chazolowera lanu. Langa sichikulidziwa."

Ndinamva kakuseka kotsamwa m'galimoto. Apongozi anakhosomola, n'kundikodola.

"Mwanawe, tawafunsa abambowa, kodi tipita lero, kapena mdzukulu wanga ndikamuone atayamba kukwawa?"

Ndinapereka uthengawo mokweza, mawu ndi mawu, ngakhale achimwene anali pomwepo ndipo anaumva bwino kuposa ine.

"Uwauze kuti pali kavuto pang'ono ka chitsulo," anatero achimwene, akuuza tayala.

"Akuti pali kavuto ka chitsulo."

"Uwauze kuti mudzi wonse umadziwa mmene chitsekochi chimatsekedwera. Ndimamva phuu m'mawa uliwonse ndili kumunda. Uwauze kuti ine ndafunda."

Ndipo anakokadi chitenje, anafunda mutu wonse pamodzi ndi fulasiki, n'kukhala ngati thumba la chimanga.

Achimwene anayang'ana kumwamba, anayang'ana amayi a madengu aja, anapuma mozama. Ananyamula chitseko. Anatembenuka mwaulemu wonse umene munthu angatembenuke nawo. Phuu!

Galimoto yonse inagwedezeka. M'chitenje munatuluka mawu: "Eyaa! Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wamphamvu." Amayi a madengu analulutira.

Njira yonse achimwene maso anali pamsewu, makutu okha akuchita kunyezimira. Pa bampu iliyonse m'thumba mwanga munkalira ngwere ngwere. Titadutsa mlatho anatambasula dzanja osandiyang'ana, ine n'kuikamo mawashala. Ananditsina pantchafu mpaka pa geti la chipatala, koma kulira sindikanatha chifukwa anali atandiletsa kuchita phokoso pamaso pa apongozi.

Pobwerera apongozi sanadikire kuuzidwa. Atangokhala, anafunda okha, n'kunena molunjika, osadutsira mwa ine: "Menyani, bambo, dzuwa likupita." Achimwene anayankha kuti, "Chabwino, amayi." Aka kanali koyamba kumva awiriwo akulankhulana, ndipo ntchito yanga yopereka mawu inathera pomwepo.

Mawashala anawabwezeretsa Lamulungu, ndipo sipanala tsopano amagona nayo kuchipinda. Koma masiku ano akakumana ndi apongozi panjira salowanso m'tiyi. Amaima pambali, maso pansi, iwo n'kufunsa kuti, "Chitseko chadzuka bwanji?"

Achimwene amati tsiku lina adzandimangirira kumbuyo pamodzi ndi zinanazi. Ine ndimangowakumbutsa kuti hinjesi yam'mwamba sindinaikhudzebe.