Botolo la amake Lusiya

Lachiwiri m'mawa nditafika pa dispensale yathu kuno kwa Kalembo ndinapeza amake Lusiya atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, khanda lili kumsana, botolo lili m'manja. Mutu unali wometedwa kumene. Lusiya tinamuika m'manda sabata yatha.

"Ndabweretsa botolo lanu, adokotala," anatero.

Ine sindine dokotala, owerenga anga mukudziwa. Ndine dresa chabe, womanga zilonda ndi kugawa mankhwala, koma anthu akuno anandikweza okha udindo ndipo ndinatopa nako kukana. Pa dispensale pathu pali lamulo limene aliyense amalidziwa: chithere nkhondo mabotolo ndi osowa, choncho wolandira mankhwala amabweza botolo akamaliza, atalitsuka. Mayiyu anayenda mtunda wonse uja, misozi isanaume, kudzasunga lamulo la botolo.

Koma botololo silinali lotsuka. Linali pafupifupi lodzaza.

Ndikapereka kwinini wamadzi ndimamata kapepala m'mbali mwa botolo n'kulembapo mizere. Mzere umodzi ndi supuni imodzi, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aziona pamene wafika. Botolo la Lusiya ndinalilemba mizere khumi ndi iwiri. Inali itatsika itatu yokha.

Lusiya anali wa zaka zinayi, kamtsikana kolongolola kamene kankanditcha "a jekeseni" n'kuthawira kumbuyo kwa amake kakuseka. Anabwera naye ali ndi malungo, thupi lili moto, monga ana ambiri nyengo ino ya mvula pamene udzudzu wa ku Shire sutipumitsa. Sanali woti n'kufa. Ndaona ana odwala koposa iyeyo akudzuka n'kumapirikitsa nkhuku patangopita masiku ochepa.

"Mayi, nanga mankhwalawa sanathe bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinawalimbitsa, adokotala."

"Munawalimbitsa bwanji?"

Anandifotokozera mofatsa, maso ali pansi. Supuni yoyamba mwana anasanza chifukwa cha kuwawa. Yachiwiri analuma mano, anachita kumutsina mphuno. Ndiye Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, anamva a Bonifasi akufotokozera anthu za mankhwala amene anabwera nawo ku Joni.

"Iwo anati azungu akumeneko apeza nzeru yatsopano. Anati mankhwala ukawathira madzi ambiri n'kuwakhutchumula ndiye amakula mphamvu. Ndiye ine ndinatenga supuni imodzi ya mankhwala anuwa n'kuthira mumtsuko wa madzi. Ndinatakasa bwinobwino. Ndinkamumwetsa m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi timibulu timene anandipatsa a Bonifasi. Ankamwa osalira, adokotala. Ndinati ndam'peza."

"Koma paja ndinakuuzani kuti musathiremo madzi."

"Munatiuza, inde. Koma ine ndinakuonani inuyo mukuthira madzi m'chibotolo chachikulu chija muli m'katimo. Ndinati mwina mumatikaniza kuti tisadziwe chinsinsi chanu."

Sankanama ayi. Kwinini amabwera waufa, ndipo ndimamusungunula ndekha m'madzi. Iye anaona madziwo. Sikelo ndi kapu ya muyeso zimene ndimayezera sanazione, ndipo ine sindinamuonetsepo.

A Bonifasi ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga. Ndikunena zimenezi poyera kuti wina asati ndikulemba ndi chidani. Ndi munthu wopemphera, wosamwa, wosatukwana. Anagwira ntchito m'migodi ku Joni zaka zingapo, ndipo pobwerera anatsika sitima pa Balaka ndi njinga, jasi, ndi kabokosi kathabwa. M'kabokosimo muli timabotolo tambirimbiri ta timibulu toyera, tating'ono ngati njere za mapira, totsekemera. Muli ndi kabuku ka Chizungu. Sagulitsa ayi, amangothandiza anthu, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse.

Lachitatu ndinapita kwawo, ndinawapeza akuchokera kopalira thonje. Ndinaika botolo la Lusiya pamphasa n'kuwafotokozera zonse.

"Iyayi, alamu, ine sindinamuuze kuti athire madzi mu kwinini," anatero. "Ndinkanena za mankhwala angawa."

"Ndikudziwa. Koma mayi uja anangotenga chiphunzitso chanu n'kuchitsata mpaka pamapeto pake. Chikanakhala choona, bwenzi Lusiya ali moyo."

"Ine anandichiza, alamu. Chifuwa chinandigwira ku Joni mwezi wathunthu. Nditamwa timeneti sabata imodzi, chinatha. Mukuti ndikunama?"

"Sindikuti mukunama. Koma tandiuzani: mvula itadontha pa kabokosi kanuka, timapepala ta mayina pa timabotoloto tonse n'kumatuka, mungasiyanitse ta chifuwa ndi ta m'mimba?"

"Sindingathe. Tonse n'tofanana."

"Nanga amene anatipanga angasiyanitse?"

Yankho lake n'lakuti nayenso sangathe, ngakhale atatiyeza ndi makina onse a kwawo.

Mankhwalawa dzina lake ndi homiyopati, ndipo popeza timabokosi totere tayamba kutsika sitima pafupipafupi, lolani ndikuuzeni zimene ndikudziwa. Anawayambitsa dokotala wina wa ku Jeremani zaka zoposa zana zapitazo. Iye ankaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, ankati chimene chimadwalitsa munthu wabwinobwino ndicho chimachiza wodwala matenda ofanana nawo. Anyezi amatulutsa misozi ndi mamina, ndiye anyezi achize chimfine. Chachiwiri ndi chija chinatenga Lusiya.

Kapangidwe kake n'kotere. Amatenga dontho limodzi la mankhwala n'kulisakaniza ndi madontho makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi a madzi, n'kukhutchumula. M'menemo amatengamo dontho limodzi n'kukalithira m'botolo lina la madzi, n'kukhutchumulanso. M'botolo lachiwirilo amatengamonso dontho limodzi. Amatero mpaka kakhumi, nthawi zina mpaka makumi atatu. Dontho la m'botolo lomaliza ndilo amadonthezera pa timibulu ta shuga.

Amayi amene mukuwerenga kapena kuwerengeredwa, tayesani ndi mchere. Thirani kamchere mumtsuko. Tapani dontho limodzi muthire mumtsuko wina, wachiwiriwo mutapenso dontho muthire mu wachitatu, mpaka mitsuko ya mudzi wonse ithe. Madzi a mtsuko womaliza mungathire m'ndiwo n'kunena kuti mwakoleretsa? Amuna anu angakuyang'aneni bwanji?

Akatswiri a sayansi oyeza zinthu anawerengera kalekale kuti chinthu chilichonse chili ndi malire ake ogawika. Ukafika cha pa botolo la khumi ndi chiwiri, kachidutswa komaliza ka mankhwala aja kamakhala katatha. Otsalawo ndi madzi okhaokha. Okhulupirira homiyopati sakana zimenezi. Amati madzi akakhutchumulidwa amasunga mphamvu ya chimene chinadutsamo. Ngati n'choncho, nanga madzi a mu Shire, amene adutsa ng'ona, mvuu ndi zovala za anthu onse ochapa kumtunda, akusunga mphamvu ya chiyani?

Komabe ndisamuchimwire dokotala wa ku Jeremani uja. M'masiku ake madokotala a ku Ulaya ankatema odwala kuti achotse magazi, ankawamwetsanso mankhwala aululu ogulula mano. Wodwala amene anapatsidwa madzi ndi shuga n'kusiyidwa kuti apume nthawi zambiri ankachira bwino koposa wotemedwayo. Mbiri ya homiyopati inakulira pamenepo.

Nanga chifuwa cha alamu anga? Matenda ambiri amatha okha. Chimfine, chifuwa wamba, mutu, kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi, thupi limalimbana nazo lokha. Ndipo ife anthu timafunafuna mankhwala pamene matenda afika pachimake, atatsala pang'ono kuyamba kutsika. Chimene wameza tsiku limenelo ndicho chimalandira ulemu. Akanamwa thobwa sabata imeneyo, bwenzi lero akuyenda ndi chipanda.

Pali chinanso chimene chimandichititsa manyazi. A Bonifasi amakhala pansi ndi wodwala, amamufunsa mmene wagonera, chimene wadya, chimene chikumudetsa nkhawa. Munthu amachoka pamenepo mtima utapepuka, ndipo mtima ukapepuka ululu umachepadi. Ine pakhomo panga pamakhala mzere wofika kumsewu. Ndimayang'ana lilime, ndimagwira pachipumi, botolo ili, wotsatira. Pamenepo iwo amandiposa.

Koma malungo si nkhawa. Pamene ndinkaphunzira ntchitoyi ku chipatala chachikulu anandionetsa dontho la magazi a wodwala pa galasi lokuza zinthu, ndipo tizilombo ta malungo ndinationa ndi maso angawa. Ndinaonanso magazi a munthu yemweyo atamwa kwinini wa muyeso wake masiku angapo, tizilombo titachepa mpaka kusowa. Tizilomboto sitimva mawu okoma. Timafuna mankhwala okwana muyeso, ndipo supuni imodzi mumtsuko timangosambamo.

Sayansi ili ndi njira yoyesera mankhwala imene mlimi aliyense angaimvetse, pakuti ndi mmene timayesera mbewu pamizere iwiri ya munda umodzi. Odwala matenda amodzi uwagawe pawiri. Ena uwapatse mankhwalawo, ena timibulu ta shuga wamba tooneka chimodzimodzi, ndipo wodwala ngakhale wogawayo asadziwe kuti uyu walandira ziti. Kenako uwerenge ochira mbali zonse ziwiri. Madokotala amene anandiphunzitsa amati homiyopati sinaonetsepo motsimikizika kuti ikuposa shuga wamba ikayesedwa motero. Kwinini safuna kuti umukhulupirire. Ngakhale mwana amene wam'meza akulira ndi kumenya miyendo amachira.

Tsono chimene chikundiwawa mtima n'chakuti ife ophunzira pang'onofe tili ndi matenda athu. Sing'anga wa m'mudzi akatulutsa mizu timamufunsa mafunso, ena timamuseka. Koma chinthu chikabwera pa sitima, chili m'botolo lagalasi, chili ndi kabuku ka Chizungu, timavula chipewa osafunsa kanthu. Kodi kwa azungu kulibe olakwitsa? Kodi makina osindikiza mabuku amakana kusindikiza zolakwika? Funso liyenera kukhala limodzi kwa onse, kwa sing'anga, kwa alamu anga, kwa ine ndemwe: muli chiyani m'menemo, n'chochuluka bwanji, ndipo anachiyesa bwanji?

Ine zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anthu kuti asathire madzi m'mankhwala. Ena amathira kuti botolo limodzi likwanire ana atatu, ena kuti lifike mwezi wamawa. Ndakalipa mpaka kusasa mawu, koma sindinakhalepo pansi n'kufotokoza chifukwa chake. Ndinkapereka lamulo. A Bonifasi anapereka chifukwa, cholakwika inde, koma chifukwa. Mayi wokonda mwana wake anasankha amene anamulankhula ngati munthu wanzeru. Mlanduwu ndikaugawa, gawo langa silichepa.

Loweruka m'mawa mlongo wanga anabwera ndi mwana wawo wotsiriza, thupi likutentha. A Bonifasi ndi amene anam'kweza pa njinga. Anaima chapatali, chipewa chili m'manja. Ndinayeza kwinini iwo akuona, ndinawaonetsa sikelo, ndinawawerengetsa mizere. Anagwedeza mutu n'kulandira botolo. Kabokosi kaja ndamva kuti kadakali m'nyumba, kudenga. Sanakataye, ndipo sindikudziwa kuti munthu wa chifuwa akagogoda mawa adzamuyankha chiyani.

Koma mawu amene sakundichoka ndi a amake Lusiya. Lachiwiri lija, atanyamuka kuti azipita, anakonza nsalu ya khanda lili kumsana n'kutembenuka.

"Adokotala, uyu akadzatentha thupi ndidzamvere ndani? Inu muli ndi buku la Chizungu, a Bonifasi ali ndi buku la Chizungu. Ine sindiwerenga."

Ndinam'lowetsa m'kati. Ndinam'gwiritsa kapu ya muyeso, ndinam'thiritsa yekha madzi mu kwinini waufa mpaka pa mzere, ndinam'lawitsa kuti amve kuwawa kwake. Ndinati akadzapeza kuti sakuwawa adziwe kuti kwinini mulibemo, ndipo mwana akadzasanza asadzathire madzi, adzathamangire kuno. Zonsezi zinanditengera nthawi yochepa kuposa yomanga chilonda chimodzi. Milungu iwiri yapitayo nthawi imeneyo ndinalibe.

Lamulo limati botolo lobwerako likhuthulidwe, litsukidwe, lipatsidwe wina. La Lusiya sindinalikhuthule. Lili pa shelefu moyang'anana ndi khomo, ndipo aliyense wolandira kwinini ndimayamba ndamuonetsa.

Inu amene mukutha kuwerenga nkhaniyi, m'mudzi mwanu muli amayi angati amene adzafunse funso la amake Lusiya? Mudzawapatsa lamulo, kapena mudzakhala nawo pansi? Mizere isanu ndi inayi idakali m'botolo muja, ndipo mwini wake ali kumanda.