Kaseti Imene Sindikanatha Kuifufuta

Kaseti ija inalowa m'dziko muno m'thumba la nyemba, pa njinga, kudzera m'tinjira ta kumalire. Anabwera nayo ndi mkulu wanga pochokera ku migodi ya ku Zambia, pamodzi ndi chifuwa chimene chinadzamupha. Chikuto chake anachiwotcha asanawoloke, chifukwa pa chithunzi panali anyamata a tsitsi lotukumuka ngati chitsamba, ndipo masiku a chipani chimodzi tsitsi lotero ankakumeta pamsika anthu akuonerera.

Zinali nyimbo za roko, magitala olira ngati lamba wa chigayo akamaduka. Akazi anga ankati ndi mapoto akumenyana. Ine ndinkawayankha kuti mapoto a kwao sanamenyanepo mokoma chonchi.

Vuto linali mawu. Nyimbo za Chibemba ndinkazimva, poti ife a kumalire timatola zilankhulo ngati chisoso pa thalauza. Koma zambiri zinali za Chingerezi, ndipo ine sukulu ndinaisiya itangoyamba kundizolowera.

Apa ndi pamene anatulukira aphunzitsi ena ochokera m'chigawo chapakati, amene boma linawaponya kwathu kuno ku Lufita. Munthu wosungulumwa, woti ngakhale moni wa kwathu kuno wa "mwaghona" ankamutchula ngati watsamwa. Lamulungu lina masana anaima pa mpanda wanga akunamizira kukonza tcheni cha njinga, khutu lili ku wailesi. Ndinawauza kuti tchenicho chikhoza kukonzekera bwino pakhonde. Kuyambira pamenepo tinkasinthana: iwo amandimasulira Chingerezi, ine Chibemba, mabatire tikuwayanika padzuwa kuti atipatseko moyo wina.

Ndiwo ananditsegula makutu, zimenezo sindiwamana. Panali nyimbo ya munthu wobwerera kumudzi kuchokera ku mgodi. Anandionetsa kuti woimbayo sanena paliponse kuti akumva chisoni. Amangoti wapeza amayi ake atasamutsira chitseko mbali ina ya nyumba, ndipo galu wa pakhomo akumuuwa ngati mlendo. Chakumapeto galu uja sauwanso. Pamene ukudikira kumva chifukwa chake, woimba amangotseka pakamwa, gitala n'kulankhula yekha. Aphunzitsi ankabweza kaseti ndi bolopeni kuti ndimvenso, maso ali jenkha. Ankati wolemba nyimbo weniweni amadziwa mawu oyenera kuwasiya kunja.

Mkulu wanga atamwalira, nyimbo imeneyo ndiyo inatsala ngati iye. Chithunzi chake tinalibe. Jekete lake anatenga amalume.

Kenaka kunamveka kuti ku Boma kubwera akuluakulu a dziko, ndipo aphunzitsi anasankhidwa kukonzekeretsa amayi a chipani nyimbo. Anthu tonse tinkadziwa kuti bambowa akufunitsitsa kusamutsidwira kwao. Anabwera kudzabwereka kaseti, akuti aimvere pa wailesi yaikulu ya mnzawo, amvetsetse mawu a nyimbo yomaliza amene ankatizemba tonse awiri. Ndinawapatsa itakulungidwa m'mpango, ngati khanda.

Anaibweza patapita masiku, osakhala pansi. Ndinaona timabowo ta pamwamba pake tatsekedwa ndi timapepala, koma sindinadziwe kuti ndi mmene amajambulira pa kaseti yakale. Nditaiika m'wailesi ndinamva nthungululu, ng'oma, ndi amayi a ku Lufita konkuno akutamanda chipani, mmodzi akutsokomola chapafupi. Ndinatembenuza. Mbali inayo chimodzimodzi. M'masitolo munalibe kaseti yopanda kanthu, ndiye anatenga yanga kuti akakondweretse tcheyamani wa chipani wa kwathu kuno.

Ndinawapeza akutsuka njinga.

"Achimwene, ndakupulumutsanitu," anatero osandiyang'ana. "Nyimbo zija zikanakumangitsani."

"Yewo, aphunzitsi. Nanga pamene munkabweza ndi bolopeni paja, munkandipulumutsanso?"

Anangopitiriza kupukuta sipoko imene inali yoyera kale.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthuyu sanali mbuli. Akanakhala mmodzi wa anyamata a chipani osatha kusiyanitsa gitala ndi khasu, ndikanangoti ndi tsoka. Koma uyu ankadziwa pamene woimba amapumira. Anadina batani lofiira lojambulira akudziwa bwino chimene chikufa pansi pa nthungululu zija.

Ndipo anandimanga mochenjera. Anakauza tcheyamani kuti kasetiyo ndinaipereka ndekha, mwa chikondi changa pa chipani. Ndiye ndikanaitaya bwanji? Kujambulapo zina, ndiko kuti ndafufuta nyimbo za chipani, ndipo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Tcheyamani anayamba kubwera Lamulungu lililonse ndi amayi aja kudzamvera mawu awo, pakhonde langa, pa mabatire anga. Pamsonkhano ananditchula ngati chitsanzo chabwino, anthu n'kundiombera m'manja. Akazi anga anaseka mpaka kugwira chipupa.

Aphunzitsi anasamutsidwadi chaka chomwecho. Anatsanzika mudzi wonse, nyumba yanga anailambalala.

Ndinayesetsa kusunga nyimbo ya wa kumgodi ija m'mutu, ndikumaing'ung'udza kumunda. Koma Chingerezi chobwereka sichikhalitsa. Mawu anayamba kugwa limodzilimodzi ngati mano angawa, ndipo lero ndatsala ndi chiyambi chokha, nachonso sindikhulupirira ngati ndikuchiimba molondola. Nyimbo za amayi zija ndiye musandiyese. Ndimaziimba zonse osaphonya, mpaka pamene mayi uja amatsokomola.